Korali wa M'thanki ndi Mpweya wa M'nyumba

Nyengo yozizira ikafika ku Ulaya ndi ku North America, anthu amatseka mawindo onse n'kumata ngakhale timipata ta m'zitseko kuti chisanu chisalowe. Sipapita masabata ambiri, oweta makorali m'mathanki agalasi amayamba kudandaula, ndipo dandaulo lake limakhala lomwelo chaka ndi chaka. Nsomba zili bwino. Madzi ndi oyera. Nyali za pamwamba pa thanki zikuwala monga mwa masiku onse. Koma kachipangizo koyezera pH, kamene m'miyezi yotentha kankawerenga 8.2, tsopano kakukakamira pa 7.8, ndipo makorali anthambi aja sakutalikanso monga kale. Mwini thanki sanathiremo chachilendo chilichonse. Chimene chasintha ndi mpweya wa m'chipinda. Iye mwini, banja lake, galu wake ndi mbaula ya gasi akhala akuudzaza ndi carbon dioxide, mawindo ali chitsekere.

Kuti timvetse mmene mpweya wotuluka m'mapapo a munthu ungachedwetsere kukula kwa mwala wa pansi pa madzi, tiyambe ndi womanga mwalawo.

Nyama yomanga mwala

Korali amaoneka ngati chomera ndipo ndi wolimba gwa, koma ndi nyama. Si nyama imodzinso ayi. Ndi tinyama tofewa tambirimbiri tokhala pamodzi, totchedwa mapolipu, tachibale ndi jellyfish. Polipu aliyense ndi kathumba kamnofu kamene kukamwa kwake kwazunguliridwa ndi timanja tokolera tizilombo toyandama m'madzi. M'mnofumo mumakhala ndere za selo imodzi zotchedwa zooxanthellae. Ndere zimenezi zimapanga shuga pogwiritsa ntchito kuwala, n'kumagawira polipuyo mbali yaikulu ya chakudya chake. N'chifukwa chake makorali omanga matanthwe amapezeka m'madzi osaya, oyera ndi ofunda, ndipo n'chifukwa chakenso thanki ya makorali imalira nyali zamphamvu.

Pansi pa mnofu wake polipu amamanga chigoba cha calcium carbonate, cha mtundu wotchedwa aragonite. Zomangira amazitenga m'madzi momwemo: kashiamu, ndiponso kaboni wosungunuka, amene m'madzi amchere wambiri amakhala bicarbonate. Makorali anthambi a mtundu wa Acropora akapeza pabwino amatha kutalika masentimita 10 kapena kuposerapo pa chaka. Obulungira a mtundu wa Porites amangowonjezera pafupifupi sentimita imodzi pa chaka, koma amakhala ndi moyo zaka mazanamazana. Great Barrier Reef ya ku Australia, yotalika makilomita oposa 2,000, inamangidwa ndi tinyama timeneti. Chimodzimodzinso matanthwe a kugombe la Mozambique, kuzilumba za Quirimbas ndi Bazaruto, ndi a ku Sodwana Bay ku South Africa. Mu 1959 Thomas Goreau, wofufuza amene ankagwira ntchito ku Jamaica, anayeza liwiro la kumangaku pogwiritsa ntchito kashiamu wapadera amene makina amatha kumulondola, ndipo anaonetsa kuti makorali amamanga mofulumira kwambiri pakuwala kusiyana ndi mumdima.

Nkhani yonse yagona pa kampata kopyapyala zedi kamene kali pakati pa mnofu wa polipu ndi chigoba chake. M'kampatamo muli timadzi, ndipo mwala umabadwira mmenemo. Kuti bicarbonate agwirane ndi kashiamu n'kukhala mwala, ayenera kutaya kachidutswa ka haidirojeni kamene asayansi amakalemba H+. Tizidutswa timeneti ndi timene timachititsa madzi kukhala asidi. Tikaunjikana m'kampatamo, kumanga kumaima. Choncho polipu ali ndi timapampu ta m'maselo ake totulutsa H+ ndi kulowetsa kashiamu, ndipo timapopa mpaka pH ya m'kampatamo ikwere kuposa ya madzi akunja, kawirikawiri kufika cha pa 8.5. Kupopa kumeneku si kwaulere, kumadya mphamvu yochokera ku shuga uja. Madzi akunja akakhala kuti ali kale ndi H+ wambiri, polipu amavutika kutayira wake kunjako. Amafanana ndi msodzi wokapa madzi m'bwato lobooka: bwato silimira, koma manja amene akanapalasa ali kalikiliki ndi chikho, ndiye ulendo suyenda. Korali wa m'madzi a pH yotsika nthawi zambiri safa. Amangokula pang'onopang'ono, ndipo chigoba chake chimakhala chofumbutuka.

Nambala yonyenga maso

Sikelo ya pH anaiyambitsa ndi Søren Sørensen mu 1909, ku Carlsberg Laboratory mumzinda wa Copenhagen ku Denmark, labotale imene inakhazikitsidwa ndi mwini kampani yofulula mowa. Pasikeloyi madzi opanda chosakaniza chilichonse ali pa 7. Kutsika kuchokera pamenepo ndi mbali ya asidi: madzi a mandimu ali cha pa 2, viniga cha pa 3. Kukwera ndi mbali ya alikali: soda wophikira ali cha pa 8, chidulo chimaposa pamenepo, ndipo madzi a njereza amapitirira 12.

Chovuta n'chakuti manambala ake sayenda ngati a pa rula. Pamene pH yatsika ndi 1, H+ amakhala atachuluka kakhumi. Ndiye kuti kuchoka pa 8.1 kufika pa 7.8, kusiyana kumene maso angakupeputse, H+ wawirikiza kawiri. Madzi a pamwamba pa nyanja zikuluzikulu lero ali cha pa 8.1. Mafakitale asanayambe kutentha malasha ndi mafuta anali cha pa 8.2. Kutsika kwa 0.1 kumeneko kukutanthauza kuti H+ wawonjezeka ndi pafupifupi 30 peresenti.

Oweta mbuna za m'Nyanja ya Malawi kumayiko akunja amaidziwa bwino nkhani imeneyi, ngakhale kuti madzi awo si amchere. Madzi a nyanjayi ali kumbali ya alikali, pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo ambiri amayala zidutswa za korali wakufa pansi pa thanki ya mbuna kuti pH isatsike. Koma mbuna ndi nsomba yopirira, ndipo simanga mwala. Woweta korali ndiye amene nambalayi imamusowetsa tulo.

Akatswiri ambiri a mathanki amavomereza kuti pH ya pakati pa 7.8 ndi 8.5 ndi yoti makorali akhoza kukhalamo, ndipo ofuna kuti akule msanga amalakalaka 8.1 mpaka 8.3. Ndi bwino kunena poyera kuti pali mathanki okongola kwambiri amene pH yake siidutsa 7.9 chaka chonse. Makorali ofewa, amene samanga chigoba cholimba, sizimawakhudza kwenikweni. Munthu amene wayamba kumene kuweta, thanki yake ili pa 7.9 ndipo zonse zikuoneka zathanzi, alibe chifukwa chothamangira kusitolo.

Zinthu ziwiri basi

M'madzi amchere pH siiyenda yokha. Imalamulidwa ndi zinthu ziwiri, ndipo mukazidziwa ziwirizo, yachitatuyo mukhoza kuiwerengera papepala.

Choyamba ndi alkalinity, ndiko kuti mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, imene kwakukulu imachokera ku bicarbonate ndi carbonate. Oweta makorali amaiyeza m'madigiri otchedwa dKH. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi pafupifupi 7 dKH, ndipo mathanki ambiri amasungidwa pakati pa 7 ndi 11. Pambali pake amasunga kashiamu pakati pa 400 ndi 450 ppm (ndiko kuti magawo pa miliyoni), maginiziyamu cha pa 1,300 ppm, mchere wokwana magalamu 35 pa kilogalamu ya madzi, ndi kutentha kwa madigiri 25 kapena 26.

Chachiwiri ndi carbon dioxide wosungunuka m'madzimo. Mpweya umenewu ukalowa m'madzi umapanga asidi wofooka amene amamasula H+. Ndipo madzi a m'thanki sakhala paokha. Pamwamba pake amakhudzana ndi mpweya wa m'chipinda usana ndi usiku, ndipo chipangizo chotchedwa protein skimmer, chimene chimachotsa zinyalala m'madzi pochita thovu, chimakoka mpweya wambirimbiri wa m'chipindamo n'kuusakaniza ndi madzi. Carbon dioxide akachuluka mumpweya, amachulukanso m'madzi.

Taonani manambala ake. Panja mpweya uli ndi carbon dioxide woposa pang'ono 420 ppm, pamene zaka 200 zapitazo unali ndi pafupifupi 280. Mpweya umene munthu amatulutsa popuma uli ndi pafupifupi 40,000 ppm, ndipo munthu wamkulu amatulutsa carbon dioxide wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi pa tsiku. M'chipinda chotseka mokhala anthu angapo si zachilendo kupeza 1,000 ppm kapena kuposa. Tsono carbon dioxide akawirikiza kawiri, alkalinity ili pomwepo, pH imatsika ndi pafupifupi 0.3. Apa ndi pamene pachokera kusiyana kwa 8.2 ndi 7.8 kuja. Alendo akadzaza pabalaza madzulo amodzi, amene ali ndi makina olemba pH mosalekeza amaona mzere ukugwa pasanathe maola awiri.

Yerekezani ndi mbali inayo. Mukakweza alkalinity kuchoka pa 7 kufika pa 8 dKH, mpweya wa m'chipinda uli womwewo, pH siikwera ngakhale ndi 0.1.

Mfundo imeneyi ndi imene ingapulumutse makorali ambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu amaimva mochedwa. M'masitolo a nsomba muli mabotolo olonjeza kukweza pH. Munthu amathira, nambala imalumpha kufika pa 8.3, mtima umakhala m'malo. Kukacha nambala yabwerera pa 7.8, chifukwa madzi ayamwanso carbon dioxide usiku wonse. Amathiranso. Chimene sakudziwa n'chakuti mankhwala onse otere amawonjezera alkalinity, ndipo alkalinity siibwerera pansi monga imachitira pH. Pakutha pa masabata awiri yafika pa 14 kapena 15 dKH. Kashiamu amayamba kuuma yekha n'kukakamira pa hita ndi m'kati mwa mapampu, mapampu n'kumaima. Nsonga za Acropora zimayera n'kusupuka, makamaka m'thanki imene madzi ake alibe zakudya zambiri. Munthuyo ankafuna kuthandiza makorali ake, koma wawapweteka kuposa mmene pH ya 7.8 ikanachitira pa zaka khumi. Ine ndikuona kuti botolo lotere liyenera kutsegulidwa pokhapokha muyeso wasonyeza kuti alkalinity ndiyo yachepa, osati chifukwa cha pH.

Randy Holmes-Farley, katswiri wa ku America wa sayansi ya mankhwala amene walemba zambiri zokhudza madzi a m'mathanki a makorali, anaphunzitsa njira yosavuta yodziwira gwero la vuto. Tungani kapu ya madzi a m'thanki, muyeze pH yake, mupite nayo panja, muikemo kapampu ka mpweya kazichita thovu kwa ola limodzi, kenako muyezenso. Chitaninso chimodzimodzi ndi kapu ina m'nyumba. Ngati pH yakwera m'makapu onse awiri, thanki yanu siikusinthana bwino mpweya, ndipo mankhwala ake ndi kuwonjezera kuvunduka kwa madzi pamwamba. Ngati yakwera panja pokha, vuto ndi mpweya wa m'nyumba, ndipo kuvundula madzi kwambiri sikungathandize kanthu. Ngati siinakwere konse ndipo alkalinity ili bwino, kayikirani choyezeracho.

Kukayikira choyezera n'koyenera nthawi zonse. Kachipangizo kamagetsi koyezera pH kamasochera pang'onopang'ono, ndipo kamafunika kukachuna kawirikawiri ndi madzi apadera a pH 7 ndi a pH 10. Madzi a pH 10 akakhala chitsegulire nawonso amayamwa carbon dioxide n'kutsika, kotero kuti kachipangizo kochunidwa ndi madzi akalekale kamanama. Zoyezera za madontho zosintha mtundu n'zotchipa, koma kusiyanitsa 8.0 ndi 8.2 ndi maso pansi pa nyali za buluu n'kovuta. Nthawi yoyezeranso ndi nkhani. Masana ndere zonse za m'thanki zimadya carbon dioxide, ndiye pH imakwera mpaka kufika pachimake nyali zikatsala pang'ono kuzima. Usiku chamoyo chilichonse chimangopuma, pH imatsika, ndipo imakhala pansi penipeni m'mawa nyali zisanayake. Kusiyana kwa 0.1 mpaka 0.3 pakati pa usana ndi usiku n'kwachibadwa, ndipo kumatanthwe osaya a m'nyanja kumachitikanso. Amene ayeza m'mawa lero n'kuyeza madzulo mawa akuyerekeza zinthu zosayerekezeka.

Umboni wochokera kunyanja

Kodi n'zoonadi kuti pH imasintha liwiro la kukula, kapena ndi zokamba za oweta chabe? Umboni wake ulipo, ndipo wina mwa woyambirira unachokera m'thanki. Ku Oracle m'chigawo cha Arizona ku United States kuli chinyumba chagalasi chotchedwa Biosphere 2, mmene anamangamo kanyanja kokhala ndi makorali. Chris Langdon ndi anzake ankasintha kuchuluka kwa carbonate ndi kashiamu m'madzi amenewo n'kumayeza kumanga kwa zamoyo zonse za mmenemo. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2000 zinasonyeza kuti carbonate akachepa, kumanga kumachepanso motsatira.

Ena anati m'thanki si m'nyanja. Ndiye Rebecca Albright, Ken Caldeira ndi gulu lawo anapita ku One Tree Island ku Great Barrier Reef, kumene madzi akaphwa amayenda mbali imodzi pamwamba pa thanthwe losaya. Anathira sodium hydroxide m'madzi oyendawo kuti afanane ndi mmene analili mafakitale asanabwere. Mu 2016 analengeza kuti kumanga kunakwera ndi pafupifupi 7 peresenti. Kenako anachita zosiyana, kuwonjezera carbon dioxide kufika pamlingo umene ukuyembekezeka chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000 zino, ndipo mu 2018 analengeza kuti kumanga kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Ku Milne Bay ku Papua New Guinea kuli malo amene carbon dioxide wa m'mapiri ophulika amabwatamuka pansi pa nyanja, ndipo makorali akhala m'madzi amenewo kwa zaka zambiri. Katharina Fabricius wa ku Australian Institute of Marine Science anafotokoza mu 2011 zimene anapeza kumeneko. Pamene pH ili cha pa 7.8 makorali alipo ndithu, koma ambiri ndi Porites obulungira aja, pamene anthambi ndi ena osakhwima achepa kwambiri. Pamene yatsika kupitirira 7.7, thanthwe silikulanso. Ofufuza a ku Woods Hole Oceanographic Institution anawonjezera mu 2018 kuti Porites wa m'madzi otere amatha kutalika monga mwa nthawi zonse koma chigoba chake n'kukhala chopepuka, chosavuta kuthyoka ndi mafunde.

Zimenezi zisasokonezedwe ndi kuyera kwa makorali, kumene kunapha makorali ochuluka mu Indian Ocean mu 1998, kuphatikizapo ku Kenya, Tanzania, Seychelles ndi Maldives. Kuyera kumabwera ndi kutentha: madzi akafunda mopitirira, polipu amataya ndere zake n'kutsala mbee. Kumapha m'masabata ochepa. Kutsika kwa pH kumagwira mwakachetechete, ndipo choipa chake chachikulu n'chakuti kumachedwetsa kuchira kwa thanthwe limene kutentha kwaliwononga. M'thanki namonso, korali akayera mwadzidzidzi yambani mwaona hita ndi nyali, osati pH.

Zimene zimathandizadi

Popeza gwero ndi carbon dioxide, mankhwala ake ndi kumuchepetsa. Otchipa kuposa onse ndi kutsegula windo. Kumadera ofunda, kumene mawindo amakhala otsegula pafupifupi chaka chonse, vutoli silikula kwenikweni, kupatula m'nyumba zotsekedwa chifukwa cha makina oziziritsa mpweya. Kumene kukuzizira, ambiri amaboola khoma n'kutulutsa kachubu kokokera mpweya ka skimmer kuti kazikoka wa panja. Zimathandiza, bola kachubuko kasayang'ane kumene galimoto zimaimika kapena kumene amapopera mankhwala a udzudzu, chifukwa chilichonse cholowa mmenemo chimakathera m'madzi.

Ena amadutsitsa mpweya wopita ku skimmer m'kabotolo kodzaza timibulu ta soda lime. Ndi timibulu tomwe tija timagwira ntchito m'makina ogonetsera odwala kuthiyeta, ndipo timayamwa carbon dioxide. Tikatha mphamvu timasintha kuchoka koyera n'kukhala tapepo. Njirayi imagwira ntchito bwino, koma timibuluto timatha msanga m'nyumba ya anthu ambiri, ndipo tsiku limene tatha pH imagwa nthawi imodzi.

Njira ina ndi kulima ndere mwadala. M'kathanki kena kolumikizidwa ndi kakakulu amaikamo ndere za mtundu wa Chaetomorpha, n'kumaziyatsira nyali usiku pamene nyali za makorali zazima. Ndere zimadya carbon dioxide pa nthawi yomwe pH ikanagwa, ndipo zimachotsanso nitrate ndi phosphate. Maganizo ogwiritsa ntchito ndere poyeretsa madzi a makorali anawatchukitsa ndi Walter Adey wa ku Smithsonian Institution ku Washington cha m'ma 1980.

Koma njira imene ndimaiona kuti ndi yanzeru kuposa zonse ndi yakale ndithu: madzi a njereza, amene oweta makorali amawatchula ndi dzina la Chijeremani lakuti kalkwasser. Peter Wilkens ndiye anawafalitsa m'zaka za m'ma 1970, ndipo anakhala mbali ya kawetedwe kotchedwa Berlin method, pamodzi ndi skimmer yamphamvu, nyali zowala kwambiri ndi miyala yochokera m'nyanja yokhala ndi zamoyo zake. Ufa wa calcium hydroxide umasungunuka pang'ono pokha, pafupifupi magalamu 1.5 pa lita ya madzi osefedwa bwino, ndipo madziwo amakhala ndi pH ya cha pa 12.4. Thanki iliyonse imataya madzi tsiku ndi tsiku chifukwa cha nthunzi, ndiye m'malo mobwezera madzi wamba, amabwezera madzi a njerezawa. Akalowa m'thanki amagwira carbon dioxide n'kumusandutsa bicarbonate ndi carbonate. Choncho chinthu chimene chinali kutsitsa pH chimasanduka chomangira, ndipo kashiamu amabwera nacho pamlingo weniweni umene korali amaufuna. Chovuta chake n'chakuti mungathire ochuluka molingana ndi amene auluka basi, kotero thanki yodzaza makorali okula msanga imafunanso njira ina yowonjezera.

Njira zinazo nazonso zimakhudza pH, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Ya Hans-Werner Balling, imene anaifotokoza mu 1994, imathira calcium chloride payekha ndi bicarbonate payekha. Amene amagwiritsa ntchito sodium carbonate m'malo mwa sodium bicarbonate amaona pH ikukwerako. Chipangizo chotchedwa calcium reactor chimachita zosiyana: chimasungunula zidutswa za korali wakufa pogwiritsa ntchito carbon dioxide wa m'silinda, ndipo madzi otulukamo amakhala cha pa 6.5, motero chimakokera pH ya thanki pansi. Ambiri amene ali nacho amathiranso kalkwasser usiku kuti ziwirizi zilingane.

Njereza si chinthu chosewera nacho. Iyenera kukhala yoyera, yoti n'kugwiritsa ntchito pa zakudya kapena mu labotale, osati yopakira nyumba imene imakhala ndi zitsotso zina. Ufa wake umawotcha maso ndi khungu. M'thanki iyenera kulowa mwa madonthomadontho, pamalo pamene madzi akuthamanga, makamaka usiku. Ngozi yodziwika bwino imachitika pamene kachipangizo kobwezera madzi kakanirira osazima n'kukhuthulira chidebe chonse m'thanki. Madzi amayera ngati mkaka, pH imadutsa 9, ndipo nsomba ndi makorali zikhoza kufa usiku umodzi. Pa pH yokwera chonchi ammonia nayenso amakhala wakupha kwambiri. Wopezeka m'tsoka limeneli azimitse kachipangizoko, ndipo atsitse pH pang'onopang'ono ndi madzi a soda opanda shuga kapena viniga woyera pang'ono, akuyeza pambuyo pa kuthira kulikonse. Kuyera kwa madziko kumatha kokha pakapita masiku ochepa.

Kuzima kwa magetsi, kumene oweta makorali a ku South Africa akudziwa bwino kuwawa kwake, kumabweretsa vuto la mbali inayo. Mapampu akaima, carbon dioxide amaunjikana, pH imagwa, koma choopsa kwambiri n'chakuti okosijeni amatha. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire n'kofunika kuposa mankhwala alionse a pH.

Kudziwa kuti akukula

Maso amachedwa kuona kukula kwa korali. Muyeso wa alkalinity ndi umene umafulumira kunena. Korali akamanga chigoba amachotsa kashiamu ndi alkalinity m'madzi pamlingo wosasintha: pa 2.8 dKH iliyonse pamapita kashiamu wokwana 20 ppm. Popeza kashiamu ndi wambiri m'madzi, kutsika kwake sikuoneka msanga, koma alkalinity ikhoza kutsika ndi digiri yathunthu kapena kuposa pa tsiku m'thanki yodzaza Acropora. Woweta amene amayeza pa ola lomwelo tsiku lililonse amadziwa kuti thanki yake imadya zochuluka bwanji, ndipo nambala imeneyo ikamakwera mwezi ndi mwezi, makorali akukula. Chizindikiro china ndi ndere zolimba zofiirira zimene zimamera pagalasi ndi pamiyala. Nazonso zimamanga ndi calcium carbonate, ndipo zimafooka msanga pH ikatsika.

Pano pali msampha umene umakola anthu amene achita zonse molondola. Munthu watulutsa kachubu panja kapena waika soda lime, pH yakwera kuchoka pa 7.8 kufika pa 8.2, ndipo makorali ayamba kumanga mwamphamvu. Koma iye akuthirabe mankhwala pamlingo wakale. Pasanathe sabata alkalinity yagwa kuchoka pa 8 kufika pa 6, ndipo Acropora, amene amadana ndi kusinthasintha kwa alkalinity kuposa chilichonse, amayamba kusupuka mnofu kuyambira patsinde. Choncho aliyense wokweza pH ayenera kuyeza alkalinity tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri kapena atatu, n'kumawonjezera mlingo pang'onopang'ono. Asinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Akasintha zitatu nthawi yomweyo sadzadziwa chimene chathandiza kapena chimene chawononga.

Kukula msanga kuli ndi phindu loposa kukongoletsa pabalaza. Makorali onse omanga miyala ali pa Appendix II ya pangano la CITES, kutanthauza kuti sawoloka malire a mayiko popanda chilolezo, ndipo korali aliyense wothyoledwa kunyanja ndi wochotsedwa pathanthwe limene likuvutika kale. Korali wokula bwino m'thanki amadulidwa tinthambi ta masentimita awiri kapena atatu, n'kumatidwa ndi guluu pa timiyala tating'ono. Pakapita masabata ochepa kanthambiko kamayala chigoba chatsopano pakamwalapo n'kuyamba kuphuka, ndipo kakhoza kupita kwa woweta wina. M'zaka za m'ma 1980, pamene akatswiri ambiri ankati Acropora sangakhale ndi moyo m'thanki, Dietrich Stüber wa ku Berlin anali ndi Acropora amene anamera pamwala wa m'thanki yake n'kukula mpaka kufunika kudulira. Anagawira anzake tinthambi take, anzakewo anagawiranso ena, ndipo korali ameneyo anafalikira m'mathanki a ku Ulaya ndi ku America, kumene oweta amamutchulabe ndi dzina la Stüber.